Zikomo nonse, makamaka agogo eni nyumba

Zatheka abale! Dzulo aphunzitsi avomereza kafukufuku wanga wa digiri wokhudza mizimu ndi zilombo za m'nthano za ku Japan zomwe timaziona m'makatuni, manja akunjenjemerabe mpaka pano. Ambuye alemekezeke, poti mukudziwa mmene chibayo chija chinandigwetsera chisanu chili pachimake kuno ku Japan, ntchito ili pakatikati.

Amayi ku Zomba, mapemphero anu a pafoni ndinkawamva ngakhale kuno kuli mbandakucha. Anzanga a m'kalasi, zikomo pondisungira manotsi.

Koma agogo eni nyumba yomwe ndimachita lendi, ine mawu andithera. Ndili gone, ankakwera masitepe ndi mawondo awo owawa aja atanyamula phala la mpunga, n'kukhala pambali panga mpaka nditamaliza mbale. Pachitseko changa anamatapo chithunzi cha Amabie, kachilombo ka m'nyanja ka mlomo wa mbalame kamene kanajambulidwa mu 1846 dera la Kumamoto, akuti kamateteza ku miliri. Mu 2020 ngakhale unduna wa zaumoyo kuno unakagwiritsa ntchito pa uthenga wa Covid. Chithunzicho anachichotsa pa firiji yawo.

Theka la zomwe ndalemba zachokera pakamwa pawo. Ine kappa, kachilombo ka m'mitsinje ka m'nthano za kuno, ndinkamudziwira m'makatuni. Iwo anati amayi awo ankawaopseza naye kuti asakasambe okha kumtsinje: ali ndi kambale ka madzi pamutu, ukamuweramira nayenso amawerama, madzi n'kutayika, mphamvu zake n'kuthera pomwepo. Nkhandwe ya michira 9 ya m'makatuni a Pokémon ndi Naruto, iwo anaimva ali kamtsikana, wailesi yakanema kulibe. Nditayamba kupeza bwino anaumirira kuti tikwere sitima mpaka ku Sakaiminato, kwawo kwa wojambula Mizuki Shigeru, tikaone msewu wodzaza ziboliboli za mizimu ya m'nthano womwe unatsegulidwa mu 1993. Ankaima pa chiboliboli chilichonse n'kumandiuza chomwe wojambulayo anasintha, zina akukwiya nazo ndithu. Ine kumangolemba, ndikutsokomola.

Inu munkaseka kuti ulendo wonsewu n'kukaphunzira zidole za ana, n'kukhala chete ndili m'chipatala, palibe mlandu. Zithunzi za tsiku lolandira digiri mudzaziona pompano.

Agogo, Mulungu akusungeni. Pa Obon, mwambo wokumbukira makolo amene anamwalira, mu Ogasiti ndidzakuperekezani kukatsuka manda a agogo aamuna monga ndinalonjezera, ndipo ndowa ndidzanyamula ndine.