Timafilimu ta ku Dakar ndi Ouagadougou tomwe ma vidiyo sho a ku Chinamwali sanationepo

Pali kafilimu kena ka ku Senegal ka 1994, dzina lake Le Franc, komwe ndimalakalaka aliyense wodzitcha dayilekita kuno ku Zomba atakaonera kaye asanayambe kudandaula kuti alibe zipangizo. Mkulu wina woyimba, Marigo, ali ndi ngongole ya lendi, mayi landilodi amulanda choyimbira chake, nde iye n'kugula tiketi ya lotale. Poopa kuti ingasowe akuimata pachitseko ndi guluu. Tiketi ija n'kuwinadi. Kuti aimatule tsopano, yakana. Basi munthu akuzula chitseko chonse, kuchisenza, kudutsa nacho mu Dakar yense mpaka ku ofesi ya lotale, kufika uko akumuuza kuti nambala yofunikayo ili kuseri kwa tiketi, mbali yomwe yamatidwayo. Mapeto ake akupita nacho kunyanja kuti madzi amuthandize kumatula. Mphindi 45 zokha, koma umaseka mpaka nthiti kuwawa uku mtima ukukuwawanso.

Anakapanga ndi Djibril Diop Mambéty, ndipo chakacho sichangozi ayi. Mu Januwale 1994 ndalama ya CFA franc, yomwe amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi France, anaigwetsa mphamvu ndi theka tsiku limodzi. Ife zimenezi sizofuna kutifotokozera, tinaziona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo mumsika wa Zomba n'kuyamba kusintha m'mawa ndi madzulo. Koma mufilimu muja simumva katswiri wa zachuma atakhala pampando kufotokoza, mungoona mphawi atasenza chitseko cha nyumba ya eni, ndipo mwamva zonse.

Ine ndinawadziwa mafilimu amenewa kudzera mwa mnzanga wina yemwe anaphunzira Chifalansa ku Chanco, anandiikira angapo pa fulashi, ena ndinakasaka ndekha pa YouTube bandulo ikalola. Chifalansa changa n'cha bonjour basi, koma chodabwitsa n'choti ambiri mwa mafilimu a anthu otchedwa olankhula Chifalansawa anthu ake amayankhula Chiwolof, Chijula, Chimoore, Chiswahili. Chifalansa chimatulukira akafika pa ofesi, pa polisi kapena m'kalasi, chimodzimodzi m'mene Chingerezi chimachitira kwathu kuno.

Gogo wa zonsezi ndi Ousmane Sembène. Mkuluyu anali wonyamula katundu padoko la Marseille ku France, kenako n'kuyamba kulemba mabuku, ataona kuti anthu akwawo ambiri sangathe kuwerenga zomwe akulembazo anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula filimu ali pafupi zaka 40. Mu 1963 anatulutsa Borom Sarret, kafilimu kosakwana theka la ola, ka munthu woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar. Tsiku limodzi lokha la moyo wake. Ena akukwera osalipira, akunyamula mayi woyembekezera kupita kuchipatala, akunyamula bambo yemwe wafungatira mwana wake wakufa kupita kumanda, timakobiri tomwe wapeza akupereka kwa woyimba zotamanda makolo ake chifukwa chofuna kumva kukoma, kenako bwana wina wa suti akumunyengerera kuti akamusiye ku Plateau, dera la anthu olemera komwe ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi akumulanda ngolo, bwana uja n'kuzemba osalipira. Aliyense amene anakwerapo kabaza kuchoka pa Mpondabwino kupita ku Sadzi n'kumacheza ndi wopalasayo akudziwa kuti nkhaniyi ilipo pano, lero lomwe, ingosowa woijambula.

Ndipo musaiwale kuti anthu amenewa kale sankaloledwa n'komwe. Panali lamulo la atsamunda a ku France la 1934 lomwe linkapanikiza zojambula mafilimu m'maiko omwe ankalamulira mu Africa, moti Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake filimu yawo ya 1955, Afrique sur Seine, anakajambulira ku Paris konko. Nde wina azindiuza kuti vuto lake n'loti foni yake si iPhone, aaa.

Chomwe chimandikoka ine kwenikweni n'choti kwa anthuwa kuseka ndi kudandaula zimayendera limodzi, pamene ife tinazigawa pakati. Mbali iyi kuli timasewero ta pa Facebook ndi TikTok, mwamuna wavala diresi ndi duku, wina wagwidwa ndi mkazi wa mwini, kuthamangitsana, basi katha, mawa kena kofanana. Ena mwa anyamatawa luso ali nalo zedi, sindikuwanyoza. Mbali inayo kuli mafilimu a mabungwe, mayi wa m'mudzi ataima kutsogolo kwa mjigo akuthokoza pulojekiti, nyimbo yachisoni pansipansi, kumapeto zizindikiro za ma dona khumi. Pakati apa, pamene munthu angajambule nkhani ya anthu ake mwakufuna kwake, mpopanda anthu. Komatu ife tinakula ndi Izeki ndi Jakobo, tikudziwa bwino lomwe kuti nthabwala imatha kunyamula nkhani yolemera.

Chitsanzo chabwino ndi mayi wa ku Burkina Faso, Fanta Régina Nacro, ndi filimu yake ya kumapeto kwa m'ma 1990, Le Truc de Konaté. Ndi nkhani ya makondomu, inde yomwe ija tinatopa nayo pa wailesi. Mkazi akuchokera m'tauni atapatsidwa makondomu ngati mphatso, mwamuna wake Konaté akukalipa kuti zimenezo kwake kuno ayi, mkazi naye akuti ngati ndi choncho palibe chochitika. Bambo akuthamangira kwa chibwenzi, kufika uko zinthu zakanika, mphamvu zathawa. Kwa sing'anga akuuzidwa kuti akasake mtengo umene umabala zinthuzo. Uthenga wa Edzi ulimo wonse, koma palibe namwino wobwera kudzaima kutsogolo kwa kamera ndi tchati, ndipo amene akusekedwa ndi bambo wodzimvayo, osati mkazi.

Ku Niger kunali Moustapha Alassane, yemwe mu 1966 anapanga katuni ya achule, pulezidenti wa achule akupita kukayendera dziko la achule anzake ndi mwambo wonse wa pabwalo la ndege. Imeneyo ndingoisiya pomwepo, tonse timaonera nkhani za 8 koloko.

Ku mafilimu a zochitikadi, omwe alibe ochita sewero, amene anandigwira mtima kwambiri ndi Dieudo Hamadi wa ku DRC ndi Examen d'État ya 2014. Iyi ndi yayitali, koma kapangidwe kake n'kotchipa komweko, munthu ndi kamera yake basi. Anatsatira ana a sukulu a ku Kisangani omwe akukonzekera mayeso a boma omaliza sekondale. Aphunzitsi akuwathamangitsa m'kalasi chifukwa cha ndalama, anawo n'kugwirizana kupeza nyumba yoti azigonamo ndi kuwerengera limodzi, ena akupita kokapemphereredwa zolembera, ena kwa asing'anga, ndipo usiku kuli kalikiliki wosaka likasa. Hamadi sakuwaweruza, sakuyankhula n'komwe, akungokhala nawo mpaka anawo kuiwala kuti pali kamera. Ukamaonera umayamba kuwafunira zabwino ngakhale ukuona kuti akubera, ndipo umamvetsa kuti wolakwa weniweni sali m'chipinda chimenecho. Nyengo ya MSCE ikafika kuno, kapena mukalowe m'timanyumba ta lendi ta ku Chikanda sabata ya mayeso, filimu yotereyi ili mbwee, koma ndani angapirire miyezi akungotsatira ana asukulu popanda alawansi?

Safi Faye wa ku Senegal anachitanso chimodzimodzi kale mu 1975 ndi Kaddu Beykat. Anabwerera kumudzi kwawo kukajambula abale ake enieni akukambirana pansi pa mtengo za m'mene ulimi wa mtedza wogulitsa unawasaukitsira, boma la Senegal mpaka linailetsa filimuyo. Ndipo ngakhale ku France kwenikweniko, Agnès Varda ali ndi zaka zoposa 70 anatenga kakamera kakang'ono ka m'manja n'kupanga filimu ya 2000 ya anthu okunkha, otola mbatata zomwe makampani ataya chifukwa zakula kwambiri kapena zapindika, ndi otola zotsala msika ukatha mu Paris. Ndinadabwa kuona kuti azungu nawonso amakunkha.

Tsono ndisakunamizeni kuti anthuwa anali oima paokha kotheratu. Ndalama zambiri za mafilimu a maiko amenewa, kuyambira m'ma 1960, zinkachokera ku unduna wa boma la France woona za ubale ndi maiko omwe ankawalamulira, ndipo mafilimu ambiri ankakalumikizidwa ku Paris. Dona analipo ndithu. Kusiyana kwake n'koti nkhani inali ya wojambulayo, ankabwera nayo yekha, ndipo ena ankaluma dzanja lomwe likuwadyetsalo mufilimu momwemo. Analinso ndi kokaonetsa. FESPACO, chikondwerero cha mafilimu cha ku Ouagadougou ku Burkina Faso, inayamba mu 1969, imachitika zaka ziwiri zilizonse ndipo timafilimu tatifupi tili ndi mphoto yakeyake, pamene ku France kuli chikondwerero cha ku Clermont-Ferrand cha timafilimu tatifupi tokhatokha. Mnyamata akapanga ka mphindi 15 amadziwa kokatumiza. Mati Diop, mwana wa mchimwene wake wa Mambéty, anayamba ndi kafilimu kakafupi mu 2009 ka anyamata a ku Dakar ofuna kuwoloka nyanja kupita ku Ulaya, patatha zaka 10 nkhani yomweyo ataikulitsa inakawina mphoto ya Grand Prix pa chikondwerero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes ku France. Ife kuno a Shemu Joyah anayesetsa ndi Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ulemu wawo, koma achinyamata ambiri amafuna kuyambira pa filimu ya maola awiri ya Part 1 ndi Part 2 asanaphunzire kugwira munthu mtima kwa mphindi 10.

Vuto lina lomwe ngakhale iwowo silinawathere ndi la oonera. Jean-Marie Teno wa ku Cameroon anapanga Lieux saints mu 2009, yokhudza ka vidiyo sho ka m'dera la anthu osauka mu Ouagadougou momwemo, mumzinda wa FESPACO, komwe mwini wake amaonetsa za karate ndi za zibakera chifukwa mafilimu a mu Africa ndi odula ndiponso osowa. Ndiye kuti filimu yojambula amphawi imakaoneredwa ndi anthu a majekete ku Ulaya, eni nkhani osaiona.

Apa mpamene ndimaona kuti ife tili ndi chida chomwe timachipeputsa, ma DJ otanthauzira mafilimu m'Chichewa aja. Anthu ophunzira amawaseka, ati amawonjezera zawo, koma ndi iwowo amene anachititsa kuti agogo a ku Jali azitsatira filimu ya ku China mpaka kumapeto. Mawu olembedwa pansi m'Chingerezi sangagwire ntchito mu vidiyo sho ya ku Chinamwali kapena pa Songani, ana ali phokoso, jenereta ikulira panja. Za chilolezo cha eni mafilimu n'zofunika kuzilongosola, apa a dipatimenti ya Chifalansa ndi a zisudzo ku Chirunga atha kuthandiza kulemba makalata, ndi ntchito yomwe angaithe. Ngati wina wa inu amadziwana ndi DJ wodekha, wosangokuwa, mundilumikize naye, tiyambire pa ya Konaté ija.