Sabata imodzi ndi Honda CG125 yakale ku Ulongwe

Lolemba m'mawa, chifunga chisanachoke, anaitsitsa pa pikapu pakhomo pathu pomwe timagwirira ntchito: njinga yamoto ya Honda CG125 yakale, ya magetsi a 6 volt ndi mapoyinti (tizitsulo totsegula ndi kutseka moto wa pulagi), imene inagona zaka m'khumbi ku Domwe, kuno ku Angonia m'Mozambique. Mwini wake anafuna zitatu: nyali yowala usiku, matayala aakulu, ndi chishalo chachifupi ngati cha njinga zomwe anaona pa Facebook. "Amisiri, injini musaikhudze, ili bwinobwino," anatero. Sananame kwambiri. Injini za mtundu uwu zimapirira. Tinangothira oilo watsopano, pafupifupi lita imodzi, kuchuna mavavu pa 0.08 mm injini ili yozizira, mapoyinti pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm, ndipo pa kiki yachinayi inalira.

Tsiku lonselo sitinamasule china chilichonse. Tinajambula ndi foni waya aliyense pomwe walowa, tinayeza mpata wa pakati pa tayala lakumbuyo ndi foloko yake, tinalemba nambala ya felemu ndi ya injini n'kufananitsa ndi za mu livrete, kabuku ka umwini wa njinga. Pa njinga yakale mukasintha chimodzi, china chimatsatira, ndipo amene wamasula asanayeze amathera kumangoganizira.

Lachiwiri linali la magetsi, ndipo ndi amene anadya nthawi. Ambiri amaganiza kuti kuchoka pa 6 volt kupita pa 12 ndi kugula batire lina basi. Batire limangosunga. Wopanga magetsi ndi koyilo ya m'magineto, ndipo mphamvu yake siwonjezeka chifukwa mwagula batire lalikulu. Pa njinga iyi moto wa pulagi uli ndi koyilo yakeyake, choncho tinaisiya. Koyilo ya nyali ndiyo tinaigwira: nsonga imene inalumikizidwa ku chitsulo tinaichotsa ndi sodala n'kuitulutsa ngati waya wachiwiri, kuti awiriwo apite ku regyuleta ya mawaya anayi, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire. Mukasiya nsongayo pa chitsulo n'kumangirira regyuleta ya mtundu umenewu, imatentha n'kupsa, kenako mumati mwagula yabodza. Titayeza, magetsi anali ochepa injini ikamalira pang'onopang'ono, ndiye koyiloyo tinaikulunganso ndi waya wowondako, mizere yambiri kuposa yakale, n'kuipaka vanishi.

Zonse za 6 volt zinachoka: mababu, hutala, kabokosi kophethiritsa maindiketa. Kutsogolo tinaika babu ya LED. Ya 35 watt ikanawala ndithu, koma ikanamwa pafupifupi zonse zomwe koyilo ikupanga, batire n'kumatha pang'onopang'ono usiku uliwonse. Fyuzi ya 10 amp tinaiika pafupi penipeni ndi mutu wa batire. M'mawaya akale tinapezamo fyuzi yokulungidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ndipo waya wofiira anali atasungunuka kale theka.

Mwini njinga anabwera ndi batire la 12 volt 7 Ah la sola, lomwe anthu amayatsira wailesi kumudzi. Tinalikana. Silinapangidwire kugwedezeka kwa msewu wafumbi, mitu yake ndi yopyapyala, ndipo silikwana m'bokosi popanda kudula. Tinaika la njinga, la 5 Ah. Batire louma likathiridwa asidi lizikhala kaye ngati ola, kenako lichajidwe pang'onopang'ono, pa theka la amp, lisanalowe m'njinga. Lodzaza limaonetsa 12.6 volt pa mita yoyezera magetsi kapena kuposera pang'ono, ndipo injini ikapondedwa mita izifika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikadutsa 15, batire likuphikidwa. Kuno ku Angonia mu Juni batire lofooka limaonekera m'mawa kukazizira, pamene ku Tete ndi ku Moatize kutentha kumaumitsa madzi ake msanga. Akachepa, onjezani madzi a batire okha, osati asidi, osatinso a pamjigo. Kapaipi kopumira kaloze pansi, kutali ndi tcheni. Felemu ya njinga iyi inali itadyeka pomwe asidi ankadonthera.

Lachitatu tinatembenukira ku mawilo. Limu yakutsogolo inali yabwino, yakumbuyo inali itaola mkati ndi dzimbiri. Tisanadule masipoko tinagoneka chitsulo chowongoka pa habu n'kuyeza kutalika kwake ndi mlomo wa limu. Muyeso umenewu ukatayika, wilo limatuluka lozungulira bwino koma lopatukira mbali imodzi, ndipo njinga imayenda ngati nkhanu. Masipoko ndi 36, amkati 18 ndi akunja 18, ndipo kupindika kwa mitu yawo n'kosiyana, choncho asasakanizidwe. Amkati amayamba kulowa. Manipo onse, timanati togwira masipoko pa limu, amangidwe mofanana, pang'onopang'ono, kuzungulira kangapo. Choyamba chotsani kudumpha, kenako kugwedezera m'mbali. Ife timasiya pasapitirire milimita imodzi. Gogodani sipoko iliyonse ndi sipanala: yomangika imalira ngwee, yolobodoka imangoti phu. Nsonga zotulukira mkati zipalidwe, ndipo lamba wa labala aikidwe asanalowe chubu. Apo ayi chubu chatsopano chimabooka musanafike kumsika.

Mabering tinasintha onse, potsata nambala zolembedwa pa akalewo. Pakati pa awiriwo pamakhala kapaipi kachitsulo. Mnyamata wathu anakaiwala patebulo, ndipo tinaona titamenya kale bering yachiwiri. Inayenera kutulukanso, ndipo bering yotulutsidwa ndi hamala sibwereranso. Popanda kapaipiko, mukamanga ekiselo mabering amafinyika ndipo satha mwezi.

Pa matayala tinakangana pang'ono. Mwini njinga anafuna lonenepa kwambiri kumbuyo. Limu yopapatiza imalifinya tayala lalikulu, mimba yake n'kutupa, ndipo gawo logunda pansi limachepa m'malo mochuluka. Mpata womwe tinayeza Lolemba unaonetsanso kuti likanakhula chotchinga tcheni. Tinagwirizana pa 2.75-18 kutsogolo ndi 3.00-18 kumbuyo, a mano apakatikati. Dothi lofiira la kuno likanyowa limamata, ndipo madigadi yoyandikira tayala imadzaza matope mpaka wilo kuima, choncho yakutsogolo tinaikweza pang'ono. Mabuleki akumbuyo anali atatsala osakwana 2 mm, tinasintha.

Lachinayi magetsi a m'tauni anazima kuyambira m'mawa, ndipo sipuloketi yomwe tinatuma ku Dedza kudzera pa chipata cha malire cha Calomue inafika madzulo. Tcheni cha 428 tinasintha pamodzi ndi masipuloketi onse awiri. Chatsopano pa mano akutha chimatha msanga. Kulobodoka kwake kukhale pafupifupi masentimita awiri, ndipo muyezenso munthu atakhalapo.

Lachisanu, chishalo. Njinga za pa zithunzi zija amazidula felemu kumbuyo, ndipo mwini wake anafuna zomwezo. Tinamufunsa funso limodzi: thumba la mbatatesi lochokera ku Tsangano lidzakhala pati? Felemu inatsala yonse ndi keliyala yake. Tinangowotcherera timakutu tiwiri togwira chishalo chatsopano, thanki itachotsedwa, batire ndi regyuleta zitamasulidwa, chifukwa moto wa makina owotcherera ukadutsa m'mawaya ukhoza kupha regyuleta.

Thireyi ya chishalo tinaipala, kuipaka penti woletsa dzimbiri, n'kuifupikitsa kumbuyo pang'ono. Siponji ya matiresi ndi yofewa m'manja, koma mukakhalapo theka la ola mumamva chitsulo. Pansi tinaika siponji yolimba ya zidutswa zomatikiza, masentimita 5, pamwamba yofewa ya sentimita imodzi ndi theka yobisa mabampu. Guluu amapakidwa mbali zonse ziwiri n'kudikira mpaka asamamatenso chala, ndipo kunja kukamazizira chonchi amachedwa kuposa mphindi 15 za masiku otentha. Timasema ndi mpeni wa macheka, kusalaza ndi sandipepa, kutsogolo kukhale kopapatiza kuti miyendo ifike pansi. Pulasitiki yopyapyala ikute siponji lekizini, nsalu yokutira chishalo, isanabwere, chifukwa madzi amalowera m'misoko, ndipo chishalo chomwa mvula chimanyowetsa thalauza sabata yonse. Lekizini tinaiyanika padzuwa kaye kuti ifewe. Imakokedwa kutsogolo ndi kumbuyo poyamba, kenako m'mbali kuyambira pakati. Pansi pa chishalo tinasiya mpata wa chala pamwamba pa mitu ya batire, n'kumatapo labala ya chubu chakale, kuti munthu wolemera akakhala chitsulo chisagunde magetsi.

Loweruka tinaiyesa, mpweya wa m'matayala uli 25 psi kutsogolo ndi 32 kumbuyo. Pa tala inayenda mowongoka. Pa msewu wafumbi nyali inayamba kuphethira m'mabampu. Tinakayikira regyuleta, koma vuto linali waya wa ethi, wobwezera magetsi ku felemu, womwe tinaumanga pa penti watsopano. Tinapala pentiyo mpaka chitsulo kuwala, kumanganso, n'kupaka girisi pamwamba. Mita inakhazikika pa 14.1 nyali ili choyaka. Mwini wake anaitenga masana, titamuuza kuti akayenda makilomita 300 abwere nayo, chifukwa masipoko atsopano amakhala pansi ndipo amafuna kumangidwanso.