Msuweni wanga akuti amayi alibe Mzimu

Msuweni wanga wanena lero kuti amayi alibe Mzimu Woyera. Wanena atakhala pakhonde pawo, pampando wa malemu bambo, m'manja muli mbatatesi yowotcha imene amayi omwewo anamufukulira m'phulusa. Tulo takana, ndiye ndati bola ndilembe, kaya mtima ungatsike.

Akanatukwana ndikanadziwa chochita. Ndi mwana wa amalume, tinkaweta ng'ombe limodzi kutsidya kwa dambo, ndipo chisuweni chathu n'chonyozana kuyambira kalekale. Koma lero analibe nthabwala. Zaka zimene wakhala ku Moatize pa ntchito za kumigodi ya malasha analowa mpingo wina wa chipentekoste, ndipo wabwerako ali munthu wina. Watsika chapa, minibasi ija, dzulo ndi shuga ndi sopo wa azakhali ake, kuphatikiza Baibulo lodzaza ndi mizere yofiira.

Zinayambira pa mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za Ulimbitso. Amayi amatong'ola chimanga uku akumufunsa mphatso 7 za Mzimu, zija zochokera pa Yesaya 11, mwanayo n'kumalakatula: nzeru, luntha, uphungu, mphamvu, mpaka kukafika pa kuopa Mulungu. Msuweni anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Azakhali, mwanayu mukungomuloweza mndandanda. Nanga Mzimu weniweniyo adzamulandira liti? Inuyo munamulandira liti?"

"Tsiku limene ambuye episkopi anandidzoza mafuta pamphumi ku Lifidzi. Iwe usanabadwe."

"Munayankhula malilime?"

"Ndinayankhula chomwechi ukumvachi."

"Ndiye munalandira mafuta, azakhali. Mzimu simunalandire."

Amayi sanasiye kutong'ola. Amene anapsa ndine.

Anatsegula Machitidwe 1 ndi 2, ngati kuti ife sitinamvepo: anthu pafupifupi 120 m'nyumba, patapita masiku 50 chichitikire Pasaka, mkokomo wa mphepo, malilime a moto, anthu 3,000 kubatizidwa tsiku lomwelo. Analumphira kwa Korneliyo pa mutu 10, kenako kwa amuna aja ngati 12 a ku Efeso pa mutu 19. Konseko Mzimu atatsika anthu anayankhula malilime. Amadziwa Baibulo lake, sindingamuchotsere zimenezo. Kenako anati mpingo wathu uli ngati chigayo chopakidwa penti bwino koma chosalumikizidwa ku magetsi, pamene Cahora Bassa, damu lalikulu lopanga magetsi, ili pompano m'chigawo chathu chomwechi. Mlamu, mkazi wake, anangoti "Ameni" motsitsa mawu.

Ine ndinamufunsa kuti pa Pentekostepo anthu ankayankhula chiyani. Zinali zinenero za anthu. Aparti, Amedi, Aelami, a ku Ejipito, a ku Libiya kufupi ndi Kurene, aliyense anamva zazikulu za Mulungu m'chinenero cha kwawo. Chodabwitsa tsiku limenelo chinali chakuti anthu anamvana. Ndinamupatsa 1 Akorinto 12:30, pamene Paulo akufunsa ngati onse amayankhula malilime, funso loti yankho lake mwana wa katekisimu angalidziwe. Ndinawonjezera mutu 14, pamene Paulo yemweyo akuti mumpingo bola mawu asanu omveka kusiyana ndi mawu 10,000 a m'malilime, ndipo ngati alipo oyankhula akhale awiri kapena atatu basi, mosinthana, wina azimasulira.

"Werenganso vesi 18, msuweni," anatero akumwetulira. "Paulo akuti amayankhula malilime kuposa onsewo. Ndipo pa 39 akuti musaletse."

N'zoona, zili momwemo. Kukangana ndi munthu wowerenga n'kotopetsa.

Ndiye ndinabwera ndi za m'mbiri, poti ndine mphunzitsi ndipo khalidwe limeneli silindichoka ngakhale Loweruka. Ndinati chiphunzitso chakuti malilime ndiwo umboni wa ubatizo wa Mzimu n'chadzulodzuloli. Chinamveka ku Topeka mu 1901 pa sukulu ya Charles Parham, n'kudzayaka ku Azusa Street, ku Los Angeles, mu 1906, motsogozedwa ndi William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo. Nanga Akhristu onse a zaka mazanamazana m'mbuyomo anali opanda Mzimu? Amene anasonkhana ku Constantinople mu 381 n'kuvomereza kuti Mzimu ndi Ambuye wopatsa moyo, woyenera kupembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana, mawu amene timanenabe pa Misa mpaka lero, ankanena za munthu amene sankamudziwa?

Iye anangoti pa ukwati wa ku Kana vinyo wabwino anabwera pomaliza. N'kuwonjezera kuti ngakhale kwa ife Akatolika kuli akarizimatiki kuyambira 1967, ndipo amapemphera m'malilime m'matchalitchi mwathu momwemo, Papa akudziwa. Ndinayankha kuti iwowo sauza azakhali awo kuti alibe Mzimu.

Sindikudziwa kuti dzuwa linapendeka nthawi yanji. Ndangozindikira kuzizira kwayamba kuluma m'miyendo, kuzizira kwa kuno ku Angónia kumene kumayamba chimanga chikangolowa m'nkhokwe. Mwana uja anali atathawa kalekale.

Apa m'pamene anandigwira pakhosi. Anatseka Baibulo n'kundiyang'ana.

"Msuweni, ndani ankanditola pamsika wa Ulónguè nditagona m'ngalande? Si iwe? Ndinali wobatizidwa. Ndinali wolimbitsidwa, mafuta omwewo a pamphumi. Ndinkaimba kwaya. Kachasu anandisiya? Funsa mlamu wakoyu kuti ankagona kuti ndikabwera nditaledzera."

Mlamu anayang'ana pansi. Tonse tikudziwa kumene ankagona. Kangapo konse anathawira kwa amayi usiku, mwana kumsana.

Anati usiku wina ku Moatize, pa mapemphero ochezera, anthu anamusanjika manja, anagwa, analira ngati mwana, pakamwa pake panatuluka mawu amene sankawadziwa, ndipo kuyambira pamenepo fungo la mowa limamuchititsa nseru. Ana ake tsopano ali pasukulu, nyumba waifolera malata. Ndinganene chiyani? Pa zipatso za Mzimu za pa Agalatiya 5, chomaliza ndi kudziletsa, ndipo chinali chitakhala patsogolo panga chikudya mbatatesi. Ine amene ndinamukalipira, kumulangiza, kumutengera kwa akuluakulu a mphakati, sindinaphule kanthu. Chimene chinamusintha si ine, ndipo sindikhulupirira kuti ndi chiwanda, chifukwa chiwanda sichilipirira ana sukulu.

Koma n'chifukwa chiyani munthu akachira pakhomo lina amaganiza kuti makomo ena onse ndi otseka? Chikundisowetsa tulo n'chimenechi. Yesu anauza Nikodemo kuti mphepo imaomba kumene ikufuna. Msuweni wanga amaikonda vesi imeneyo, amaitchula potinena ife kuti tinatsekera Mzimu m'mabuku ndi m'miyambo. Iye sakuona kuti nayenso waupatsa njira imodzi yokha yodzera.

Ndinayamba kumuwerengera za amayi. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni kuno ku Mozambique, ansembe atachepa ndipo misewu itatsekeka, ndani ankasonkhanitsa anthu Lamulungu pansi pa mtengo? Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, ndipo anthu ambiri anaopa ngakhale kuoneka ndi kolona m'khosi. Amayi sanasiye. Ankabatiza makanda amene anali pafupi kufa, ankatsogolera mapemphero pamaliro, ndipo titathawira ku Dedza anapitiriza komweko mpaka tinabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Mayi amene sukulu sanapite nayo patali, kulimba mtima kumeneko anakutenga kuti? Ndipo pali mkulu wina m'mudzi muno, sindimutchula, amene aliyense akudziwa kuti ndiye analozera anthu a mfuti khola la bambo. Lero ndi wokalamba, maso sakuona, ana anamuthawa. Mbale ya nsima imene imapita kwake madzulo aliwonse imachokera pamoto wa amayi. Ineyo mbale imeneyo sindingainyamule, mpaka lero.

"Iwe, leka," amayi anandidula. "Ukundiwerengera mbiri ngati ndafa?"

Ndinakhala chete. Ndiye anatembenukira kwa mwana wa achimwene awo, n'kunena chinthu chimene sindinkayembekezera.

"Mwanawe, kugwa ine ndinakuona ndili kamtsikana. Agogo ako aakazi mzimu ukawagwira ankagwa, mawu n'kusintha, anthu n'kumawaombera m'manja. Podzuka sankakumbuka kanthu. Amene ndimamudziwa ineyu sandilanda nzeru. Amandikumbutsa zimene ndikufuna kuiwala."

Nkhope ya msuweni inasintha. "Azakhali, mukufanizira Mzimu wa Mulungu ndi mizimu ya makolo? Samalani. Marko 3:29. Tchimo limenelo silikhululukidwa."

"Sindikufanizira. Ndikunena kuti kugwa kokha sikundiuza amene wakugwetsa."

Pamenepo panakhala zii. Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa usiku wonse, chifukwa ndi oona kwa ife anthu a dera lino kuposa mmene tingavomerezere m'tchalitchi. Mtundu wathu unadziwa kale za anthu ogwidwa ndi mzimu. Makewana wa ku Msinja ankalosera za mvula, kumunsi kwa Zambezi kuli a mphondolo, anthu ogwidwa ndi mizimu ya mafumu akale, ndipo palibe mudzi wopanda nkhani ya munthu amene anayankhula ndi mawu a wakufa. Ndiye kunjenjemera ndi kugubuduka pansi si zachilendo kuno, ndipo mwina n'chifukwa chake timafulumira kuzikhulupirira, komanso timafulumira kuziopa. Yohane analemba kuti tiziyesa mizimu. Paulo anati mizimu ya aneneri imamvera aneneri, kutanthauza kuti munthu wodzazidwa angathe kudikira mnzake amalize. Ndipo amene amagulitsa timabotolo ta mafuta odzozera pa Facebook, kulipira pa M-Pesa, ali ndi kholo lawo pa Machitidwe 8, Simoni uja amene anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu, Petro n'kumuuza kuti awonongeke nazo ndalama zakezo. Kunena chilungamo, msuweni wanga amadana nawo anthu amenewa kuposa ine. Akuti abusa ake sagulitsa kanthu. Ndikumukhulupirira.

Mwinanso ndapsa mtima chonchi chifukwa cha zanga. Miyezi ino pemphero langa lauma. Ndimagwada, mawu amatuluka, koma maganizo ali pa makope a ana osachongedwa ndi ngongole ya feteleza. Malilime a msuweni ndilibe, kuleza mtima kwa amayi ndilibenso. Awiriwo akamakangana, aliyense ali ndi chosonyeza. Ine ndili ndi zaka ndi mayina a mizinda ya ku America. Chimene chimandigwira ndi Aroma 8:26 basi, pamene akuti sitidziwa kupempha moyenera, koma Mzimu mwini amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Msuweni akuti vesi imeneyo ikunena za malilime. Ine ndimaiwerenga ngati ya anthu amene alibe mawu alionse, ndipo sindikufuna kuti andilande.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti amayi sanakhumudwe, kapena ngati anakhumudwa sanaonetse. Anawaphikira nkhuku. Podya anamupempha msuweni kuti ndiye adalitse chakudya, ndipo anapemphera nthawi yaitali mpaka nsima inayamba kuzizira, amayi n'kuyankha Ameni wamphamvu kuposa tonse. Atasamba m'manja anamuuza kuti mawa ndi Pentekoste, miyendo ikuwawa, awatengere ku Misa pa njinga yamoto ya amalume. Iye anati awafikitsa pakhomo la tchalitchi koma salowa. Amayi anati pakhomo pakwana.

Ineyo wandiitanira ku mapemphero a madzulo kwa anzake ena kuseri kwa msika. Akuti ndingobwera, ndikhale kumbuyo, palibe adzandigwire mutu ndisanafune. Sindinavomere, sindinakanenso. Mkazi wanga akuti ndikapita ndikangokangana ndi abusa za 381, bola ndikhale ndichonge makope. Pompano foni yalira, ndi iyeyo, watumiza uthenga wa mawu wautali pa WhatsApp, pamwamba walemba kuti Yoweli 2:28. Ma megas andithera usanatsitsike, ndipo wogulitsa kredito pafupi pano amatseka msanga kukazizira chonchi.