Lipoti la ulendo wokaona malo amene Abraham Lincoln anakhala asanakhale pulezidenti

Gulu lathu la Amalawi okhala m'chigawo cha Indiana linagwirizana kuti tikayendere malo amene Abraham Lincoln anabadwira, kukulira ndi kugwira ntchito asanasankhidwe kukhala pulezidenti wa 16 wa dziko la America. Tinasonkherana ndalama za basi yaing'ono ndi malo ogona, ndipo a komiti anandipempha kuti ndilembe lipotili kaamba ka mamembala amene sanathe kupita nafe.

Tinayambira ku Hodgenville m'chigawo cha Kentucky, kumene Lincoln anabadwira pa 12 February 1809. Pamalopo anamangapo chinyumba chamiyala chokhala ndi masitepe 56, sitepe iliyonse kuimira chaka chimodzi cha moyo wake, ndipo m'kati mwake muli kanyumba kamitengo ka chipinda chimodzi. Wotionetsa malo sanatibisire kuti kanyumbako si komwe anabadwiramo, kanangoikidwa ngati chikumbutso. Nkhani imene inandigwira mtima kumeneko ndi ya minda. Nthawi imeneyo malire ku Kentucky ankayezedwa mwachisawawa, moti munda umodzi unkatha kukhala ndi eni awiri, aliyense ali ndi chikalata chake m'manja. Bambo ake, a Thomas Lincoln, anavutika ndi milandu yotere mpaka mu 1816 anasamuka ndi banja lonse kuwoloka mtsinje wa Ohio kulowa ku Indiana, kumene boma linali litayeza kale malo mwadongosolo. Lincoln mwiniwake analemba pambuyo pake kuti ukapolo wa ku Kentucky unali chifukwa china chosamukira, koma chifukwa chachikulu chinali zikalata za malozo.

Ku Lincoln City, kum'mwera kwa Indiana, sitinachedweko. Tinaona manda a mayi ake, a Nancy Hanks Lincoln, amene anamwalira mu 1818 ndi matenda obwera chifukwa chomwa mkaka wa ng'ombe zodya chomera china chapoizoni. Mayi ake omupeza, a Sarah Bush Johnston, ndiwo ankamulimbikitsa kuwerenga, pakuti masiku onse amene anakhala m'kalasi, kuwaphatikiza pamodzi, ankangokwana pafupifupi chaka chimodzi.

Malo amene ndikuona kuti anaposa onse ndi New Salem, ku Illinois, mudzi umene Lincoln anakhalamo kuyambira 1831 mpaka 1837. Mudziwo unatha kalekale, ndipo nyumba zimene zilipo lero anazimanganso m'zaka za m'ma 1930, kupatula imodzi yokha ya mmisiri wopanga migolo. Anthu akumeneko anayamba kumudziwa Lincoln tsiku limene bwato lonyamula katundu wopita ku New Orleans linakakamira pa damu la chigayo mumtsinje wa Sangamon n'kuyamba kudzaza madzi. Iye anatsitsako katundu wina, anakankhira migolo yotsala kutsogolo kuti bwato lipendeke, anaboola kabowo kuti madzi atuluke, n'kukatsekanso, bwato n'kudutsa. Vuto la mabwato okakamira silinamuchoke m'mutu, moti mu 1849 boma linamupatsa chikalata cha umwini wa njira imene anatulukira yoyandamitsira bwato pamadzi osaya. Mpaka lero palibe pulezidenti wina wa America amene anakhalapo ndi chikalata chotere.

Zaka za ku New Salem sizinali zokoma. Mu 1832 anasankhidwa ndi anzake kukhala kaputeni pa nkhondo yolimbana ndi Amwenye a ku America otsogoleredwa ndi Black Hawk, ngakhale sanamenye nawo nkhondo yeniyeni, ndipo chaka chomwecho anapikisana nawo pa chisankho cha aphungu a Illinois n'kugwa. Anatsegula sitolo ndi William Berry, koma malonda sanayende, ndipo Berry atamwalira mu 1835 ngongole yonse inagwera Lincoln, amene anailipira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Pofuna kupeza chakudya ankagwira ntchito yoyang'anira positi ofesi komanso yoyeza malo, imene anaiphunzira yekha powerenga mabuku. Panafika nthawi imene kavalo wake ndi zipangizo zake zoyezera malo zinalandidwa chifukwa cha ngongole n'kugulitsidwa pamsika, koma mnzake James Short anazigula n'kumubwezera. Mwana wa munthu amene anataya minda chifukwa cha malire olakwika ndiye ankayenda ndi kampasi ndi unyolo kuika malire a minda ya anthu ena, ndipo ine ndikuona kuti luso lake lofuna umboni pa chilichonse linayambira pamenepo. Mu 1834 anapambana mpando wa uphungu, ndipo mu 1836 analandira chilolezo chogwira ntchito ya uloya.

Ku Springfield tinalowa m'nyumba imene anagula mu 1844, atakwatira Mary Todd mu 1842, ndipo ndi nyumba yokhayo imene anakhalapo nayo yakeyake. Anakakhala phungu ku Washington kuyambira 1847 mpaka 1849, kumene anatsutsa nkhondo ya dziko lake ndi Mexico, kenako anabwerera ku milandu, akuyenda m'makhoti a m'maboma osiyanasiyana miyezi yambiri pachaka. Chimene chinamubwezera ku ndale ndi nkhani ya malo yomweyo. Lamulo la Kansas-Nebraska la 1854, limene Stephen Douglas, seneta wa Illinois, analitsogolera, linalola kuti anthu okhala m'madera atsopano a kumadzulo azisankha okha ngati akufuna ukapolo, ndipo Lincoln anakana kuti ukapolo ufalikire kumeneko. Mu 1858 Lincoln ndi Douglas anachita mitsutso 7 polimbirana mpando wa seneta. Lincoln anagonja, pakuti masiku amenewo aphungu a chigawo ndiwo ankasankha maseneta, koma mitsutsoyo inamutchukitsa dziko lonse, ndipo pa 6 November 1860 anapambana chisankho cha pulezidenti. Tinathera pa siteshoni ya sitima pamene anatsazikira anthu a ku Springfield pa 11 February 1861.

Ndikupempha a komiti kuti ulendo wina tidzapatule tsiku lathunthu la ku New Salem, ndiponso kuti tidzaukonze pa nthawi ya tchuthi kuti ana asukulu adzapite nawo.