Zikomo kwa amisiri amene anatimangira chipupa chotchinga dothi

Dzulo usiku kunagwa chimvula kwa maola pafupifupi atatu, ndipo m'malo mogona ndinatenga tochi n'kupita kuseri kwa nyumba kukaima pafupi ndi chipupa chatsopano. Madzi ankatuluka m'timabowo tonse ta m'munsi mwake n'kumatsata ngalande mwakachetechete, chipupa chili chiimire. Ndinabwerera m'nyumba nditanyowa thupi lonse, koma kwa nthawi yoyamba chigumukireni chipupa choyamba chija ndinapeza tulo mvula ikugwa. N'chifukwa chake ndati ndilembe mawu awa lero, ngakhale kutopa kusanandichoke m'mafupa.

Ambiri a inu mukudziwa zimene zinatigwera, choncho sindibwereza zonse. Chipupa choyambacho chinakhala miyezi 8 yokha. Amene anachimanga anandiuza kuti mabowo otulutsira madzi amanyasitsa khoma, ine posadziwa ndinavomera, komanso ndinali nditamulipira ndalama zonse ntchito isanafike n'pakati pomwe. Tsiku limene dothi linakankha mabuloko mpaka pakhomo la kukhitchini foni yake inali yozimitsa, ndipo mpaka lero sinayatsidwe. Ameneyo ndamusiya m'manja mwa Mulungu.

Mtima wanga uli pa a kontilakitala amene anabwera pambuyo pake. Bambo, dzina lanu sinditchula chifukwa munandipempha kuti ndisatero, koma mukudzidziwa. Tsiku loyamba simunakambe n'komwe za malipiro. Munatsikira m'chigumukire muja, n'kutapa dothi la kuseri kwa khoma lakugwalo, ndipo mutalifinya m'manja madzi anatuluka pakati pa zala zanu. Pamenepo ndi pamene munandiuza kuti chimene chinagwetsa chipupa changa ndi madzi amene anasowa potulukira. Munandifotokozera modekha kuti madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, ndiponso kuti chipupa chikatalika kuwirikiza kawiri, mphamvu ya dothi lochikankha imawirikiza kanayi. Popeza chathu chinayenera kutalika mamita 2, munakana kugwira fosholo injiniya asanaone malowo ndi kujambula pulani, ngakhale ine ndinkaona ngati mukungofuna kundiwonongetsa ndalama.

Ntchito yanu yeniyeni palibe amene adzaione, chifukwa yonse inakwiririka. Munakumba maziko otambalala olowa pansi pa dothi la kumtunda, kuti kulemera kwa dothi lomwelo kuzithandiza kugwira chipupa. Zitsulo zinachokera m'maziko n'kukwera m'mabowo a mabuloko, ndipo mabowowo munawadzaza ndi konkire. Kuseri munayala paipi yobooledwa timabowo, yopendeka pang'ono kuti madzi aziyenderera, kenako munathira miyala ya kwale kukwera ndi khoma lonse, n'kuika nsalu yosefa pakati pa miyalayo ndi dothi kuti matope asadzatseke njira ya madzi. Musanakwirire chilichonse munkandiitana kuti ndidzaone ndi maso anga ndi kujambula zithunzi, ndipo ndalama munkalandira gawo la ntchito likatha, monga tinalembera mu mgwirizano wathu. Kunena zoona, ndinu amene munaumirira kuti mgwirizanowo ulembedwe, chinthu chimene ndinayenera kuchiganizira ndekha kalekale.

Ndiyeneranso kupepesa pagulu, poti ndinalakwira pagulu. Patatha masiku atatu mutathira konkire, mitambo inayamba kuda, ndipo ine ndi mantha anga ndinalamula kuti dothi libwezeredwe tsiku lomwelo. Munakana. Munati konkire imafika pa mphamvu yake yoyembekezeka pakatha masiku 28, ndipo kuisenzetsa katundu ikadali yanthete n'kuipha. Ndinakuyankhulani mawu oipa pamaso pa anyamata anu, mawu amene sindingawabwereze pano, koma inu munangovula chipewa n'kupitiriza kuthirira khomalo madzi monga munkachitira m'mawa ndi madzulo sabata yonse yoyamba. Madzulo a tsiku lomwelo, nthawi yoweruka itadutsa kale, ndinakuonani pawindo mukuyala mapepala a pulasitiki pa dothi lokumbalo ndi kutsegula kangalande kumtunda kuti madzi apatuke, ndipo zimenezo simunandilipiritse. Nthawi yobwezera dothi itakwana, munkathira pang'onopang'ono n'kumatsendera musanawonjezere lina, moti ntchito imene ndinkayesa ya tsiku limodzi inatenga masiku anayi. Bambo, mundikhululukire.

Ndikuthokozanso aneba athu a kumtunda amene analola kuti tikumbe mpaka m'malire mwawo ndipo sanadandaule za maluwa awo amene anawonongeka. Ndikuthokoza achimwene anga amene anatibwereka ndalama popanda kufunsa tsiku lobweza, bambo a ana anga amene anapirira ukali wanga miyezi yonseyi, ndi anyamata amene anakankha mawilibala pamalo otsetsereka pamene galimoto silikanafika. Kwa ena amene munabwera tsiku la ngozi kudzajambula zithunzi n'kumatumizirana, koma fosholo osaigwira ngakhale kamodzi, ndikudziwitseni kuti chipupa chaima, ndipo mukhoza kubweranso ndi mafoni anu omwe aja.

Ambuye Mulungu, Inu amene munasunga ana anga usiku umene dothi linatsika, pamene zikanatheka kuti wina akhale ali kukhitchini, landirani ulemu. Mudalitse manja a bambo amenewa, muwapatse ntchito zambiri ndi makasitomala ofatsa kuposa ine.

Ndibwererenso kwa inu, Bambo, chifukwa m'mawa uno munaimba foni kufunsa ngati mabowo onse anatulutsa madzi, chonsecho ndinakulipirani kale zonse ndipo mulibenso ngongole ndi ine. Ndakuuzani kuti limodzi la kumapeto linkangodontha pang'ono, ndipo mwati mudutsa Loweruka ndi kawaya kuti mudzalitokose. Malangizo anu ndawasunga. Madzi a padenga ndawalozetsa kutali ndi chipupa, mulu wa mchenga wotsala uja tauchotsa pamwamba pake, ndipo mtengo umene ndinkafuna kudzala pamenepo ndaupezera malo ena kuti mizu yake isadzakankhe khoma. Mawa ndiyamba kudzala udzu.