Sabata ya magalimoto asiliva

Sabata ino pagalaja panalowa magalimoto atatu, onse ochokera ku Japan: Toyota Axio yasiliva, Honda Fit yasiliva ndi Toyota Sienta yoyera ya pearl. Eni ake dandaulo linali limodzi. Amatsuka, amapaka wakisi, koma galimoto imangooneka mbuu.

Penti yasiliva imabisa zokanda, ndipo kubisako n'kumene kumapusitsa anthu. Pagalimoto yakuda kamzere kamodzi kamaonekera patali. Payasiliva timizere timakhalapo tambirimbiri osaoneka, koma timamwaza kuwala uku ndi uku. Penti ya metallic ili ndi magawo atatu: primer (penti yoyambira) pansi, mtundu wosakaniza ndi tizidutswa ta aluminiyamu pakati, ndi clear yoonekera ngati galasi pamwamba. Tizidutswato timathwanima pokhapokha clear ikhale yoyera ndi yosalala. Ntchito yonse yopolisha imathera pa clear, mtundu sitiukhudza n'komwe.

Lolemba lonse linatha tikutsuka Axio, makina tisanawagwire. Timagwiritsa ntchito ndowa ziwiri: ina ya shampu wagalimoto, ina yotsukuluzira nsalu, kuti mchenga usabwerere papenti. Sopo wa ufa wochapira zovala ayi, amachotsa chitetezo chonse n'kutuwitsa mapulasitiki akuda. Titatsuka, pabampa yakumbuyo ndi m'munsi mwa zitseko munali timadontho talalanje ngati nsonga ya singano. Timeneti ndi tizitsulo ta m'mabuleki tomwe tinakanirira mu clear n'kuchita dzimbiri. Tinapopera mankhwala ochotsa tizitsuloti, otchedwa iron remover, pagalimoto yozizira, pamthunzi. Amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo pakatha mphindi 3 mpaka 5 amasanduka wapepo n'kumayenderera. Timatsukuluza asanaume, chifukwa akaumira amasiya mathotho. Phula la mumsewu lili ndi mankhwala akeake.

Kenako clay bar, chinthu chofewa ngati dongo chomwe chimazula tinthu tokanirira papenti. Valani kajumbo kopyapyala kudzanja, musisite boneti yotsuka kale: mumva tinthu tokhakhala ngati mchenga. Timadula kachidutswa ka clay, kukaphwatalitsa ngati chikondamoyo, kupopera madzi a shampu ochuluka, n'kumayendetsa mopepuka mpaka katasiya kulira. Kakada timapinda. Kakagwa pansi timataya, ngakhale kakhale katsopano, chifukwa kamchenga kamodzi kamalemba boneti yonse. Pofika madzulo Axio inali itayamba kale kuwala. Pasiliva, gawo lalikulu la kuwala limabwera pa sitepe imeneyi, ndipo ndi imene ambiri amaidumpha pothamangira wakisi.

Lachiwiri m'mawa tinayeza kukhuthala kwa penti. Kachipangizo koyezera kanawerenga ma micron (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) pakati pa 95 ndi 110 padenga ndi paboneti, koma chitseko chakutsogolo chakumanzere chinapereka 310, kusonyeza kuti chinapentedwanso. Mkati mwa chitseko, momwe clear imakhala yochepa, munali 60, ndiye clear yapanja inali cha m'ma 40 basi. Tsamba la pepala lolembera ndi lokhuthala kuposa pamenepo. Nkhani yofuna kuchotsa chokanda chilichonse imathera apa. Mzere umene ukukola chikhadabo ndi wakuya. Timangoufewetsa m'mphepete, osauthamangitsa. Pabampa yapulasitiki kachipangizo kathu sikawerenga, choncho pamenepo timapita ndi dzanja lopepuka.

Kuti muone zokanda pasiliva, tsekani zitseko za galaja, zimitsani magetsi akudenga, muunike ndi tochi imodzi ya LED chopendekeka, mutaima patali mita imodzi kapena iwiri. Timizere timatulukira ngati ukonde wa kangaude kuzungulira kuwala kwa tochiyo. Masana panja n'kovuta kutiona.

Lachitatu ndi limene linali tsiku la makina. Tinamata tepi pamapulasitiki, mabaji ndi m'mphepete mwa mapanelo, momwe penti imakhala yopyapyala kwambiri. Timagwiritsa ntchito makina opolishira a dual action, omwe amazungulira uku akugwedezeka, ndi siponji ya mamilimita 125. Makina a rotary, omwe amangozungulira basi, amadya msanga, koma amatenthetsa penti ndipo amasiya mizere yovinavina yomwe pasiliva mumaizindikira galimoto itapita kale. Timayamba ndi kamalo koyesera ka masentimita 40 mbali zonse, ndi polishi wofewa kwambiri. Compound, polishi wodya kwambiri, timaitenga pokhapokha wofewayo akalephera. Timadontho tinayi ta polishi tonga nsawawa pasiponji, kumwaza pa sipidi 1, kukwera pa 4 kapena 5, n'kuyenda pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pasekondi, maulendo anayi: awiri chopingasa, awiri chotsika. Siponji ikhale chogona. Mukaipendeketsa imasiya kuzungulira n'kumangonjenjemera, ndipo siidula kanthu. Timalemba kamzere ka maka pambale yogwira siponjiyo kuti tizionera ngati ikuzungulira.

Chitseko chopentedwanso chija chinali cholimba, chinafuna compound. Denga linatheka ndi polishi wapakati. Boneti inatuluka ndi kachifunga: siponji inali itadzaza polishi wouma ndi fumbi la clear. Tinasintha, n'kubwereza, kachifungako kanachoka. Galimoto imodzi imafuna masiponji anayi kapena asanu, ndipo iliyonse timaipukuta ndi burashi tikamaliza kagawo.

Sitepe yomaliza, ya polishi wosalalitsa pasiponji yofewa pa sipidi 3, ena amati pasiliva ndi kutaya nthawi poti kusiyana sikuoneka. Sindigwirizana nazo. Ikani tepi pakati pa boneti, mupolishe mbali imodzi, muitulutse padzuwa: mbali yomalizidwa tizidutswa ta aluminiyamu timaoneka patokhapatokha, kwinaku timangosakanikirana.

Fit ya Lachinayi inali ndi mathotho ozungulira a madzi apamjigo, omwe anaumira padzuwa n'kusiya laimu. Viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka anachotsa apamwamba, koma omwe anadya clear anafuna makina. Penti yake inali yofewa moti nsalu ya microfibre yomwe inkaikanda popukuta polishi. Tinatenga nsalu zatsopano zaubweya wautali, kupukuta osakanikiza.

Sienta ya Lachisanu ili ndi penti ya nambala 070, White Pearl Crystal Shine ya Toyota, yomwe ili ndi gawo lowonjezera lonyezimira la pearl pakati pa mtundu woyera ndi clear. Mukaboola clear pa penti imeneyi, kufananitsa mtundu n'kovuta zedi, ndiye tinangopita ulendo umodzi ndi polishi wofewa. Chikasu chomwe mwini wake ankadandaula chinali litsiro la fumbi lofiira ndi utsi, ndipo chinachoka ndi clay yomwe.

Tisanapake chitetezo timapukuta mapanelo ndi IPA (isopropyl alcohol, mtundu wa sipiriti) wosungunula, gawo limodzi pa magawo asanu ndi limodzi a madzi, kuti mafuta a polishi achoke. Mafutawo amabisa zokanda komanso amalepheretsa chitetezo kugwira. Wakisi wa carnauba amakometsa mitundu yakuda, koma pasiliva ndi pearl sealant (chitetezo chamankhwala chokhalitsa kuposa wakisi) kapena ceramic (chitetezo chomwe chimauma n'kulimba) ndiye amapereka kuwala konga galasi. Axio ndi Fit zinalandira sealant wopyapyala. Sienta inalandira ceramic, kagawo kamodzikamodzi, tikupukuta ndi nsalu ziwiri n'kuunika ndi tochi, chifukwa pamtundu woyera malo otsala osapukuta saoneka mpaka atauma, ndipo akauma amachoka ndi makina okha. Inagona mkati maola 24 osakhudza madzi.

Loweruka tinamaliza zozungulira penti: magalasi mkati ndi kunja, marimu, mapulasitiki akuda ndi matayala. Siliva alibe kuya kwa mtundu wakuda, choncho amaoneka wowala kwambiri zomuzungulira zikakhala zakuda bii. Eni ake tinawauza kuti zitosi za mbalame azichotsa tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, fumbi asamapukute chouma, ndipo a Sienta adikire masiku 7 asanaitsuke ndi shampu.