Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Anesi opanda pepala

M'gawo lathali ndinakusiyani ndili m'chaka chomaliza pa koleji ya unamwino ndi uzamba. Kwa inu amene sukulu zathuzi simuzidziwa, mayeso amakhala pawiri. Umayamba wakhoza a pakoleji, kenako dzina lako limapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi kuti ukalembe amene tonse timangoti mayeso a Council. Popanda laisensi ya kumeneko palibe chipatala chingakulembe ntchito ya unamwino, manja ako atazolowera chotani.

Pa 20 Marichi 2020 a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, sukulu zonse zitsekedwe pofika pa 23. Apo n'kuti kolona asanapezeke ndi munthu aliyense m'dziko muno, poti odwala oyamba anawalengeza pa 2 Epulo. Tinamwazikana. Ine ndinatsika basi pa Kasungu boma n'kukwera matola opita kwathu, cha ku Chamama.

Ndinapeza anthu ali pakalikiliki ndi fodya. M'mawa tinkakhala m'chigafa kusankha masamba, madzulo ababa ndi achimwene ali pa jeke kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Manotsi aphunzitsi ankatumiza pa WhatsApp. Netiweki kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinkakwera pamenepo manja akununkha fodya, kudikira kuti tsamba limodzi litseguke bandulo isanathe.

Zowerengazo sizinkandisowetsa tulo. Chinkandisowetsa tulo ndi logbook. Wophunzira uzamba aliyense amakhala ndi buku limeneli, ndipo mayi aliyense amene wamuyeza kusikelo, amene wamuchiritsa kuleba, khanda limene walithandiza kupuma, namwino woyang'anira amasainira. Masamba akapanda kudzaza, za mayeso iwalako. Langa linali ndi mizere yambiri yopanda kanthu, ndipo mizere imeneyi sidzadzidwa pafoni.

Mwayi wake alamu anga, akazi a achimwene, anali oyembekezera. Anandilola kuti ndizizolowetsa manja pa iwo. Ankagona pamphasa m'nyumba mwa amayi, ine n'kutenga tepi yoyezera nsalu kuyeza kutalika kwa mimba, kenako kupapasa pang'onopang'ono kufuna pamene pali mutu ndi mbali imene kwaloza msana wa mwana. Ndikaika fetoscope, kachipangizo komvera mtima wa mwana m'mimba, n'kugunditsa khutu, amayi ankathamangitsa nkhuku ndi ana pakhonde kuti ndimve bwino kugunda kwa kamtimako.

"Mlamu, mwamumva?"

"Ndamumva, ali bwinobwino. Koma kusikelo musasiye."

Zonsezo panalibe wosainira.

Pamudzi ndinali kale "anesi". Wina abwera ndi mwana wotentha thupi, wina ndi bala la khasu, wina akufuna ndimubaye jakisoni amene wagula kwa wogulitsa mankhwala pamsika. Ambiri ankaopa kuchipatala chifukwa cha mphekesera zoti ukangotsokomola pamzere akutsekera kwawekha. Ndinkatsuka bala, kuuza mayi kuti kutentha thupi kumafuna kuyezetsa malungo, n'kuwakakamiza kupita kuchipatala. Jakisoni ndinkakana. Azakhali anga tsiku lina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi: "Ndiye zaka zonsezi, mwana wa achimwene, kusukuluko munkaphunzirako kukana?" Sindinawayankhe. Wophunzira amagwira wodwala pali womuyang'anira, ndipo chitalakwika china pamudzi, dzina langa likanathera pomwepo lisanalowe n'komwe m'kaundula.

Ababa sankalankhula zambiri. Fizi yanga yonse inachokera m'chigafa chija, ndipo mumtima mwawo anali atawerengera kuti chaka chikamatha ndidzakhala ndikulandira, feteleza wa chaka chotsatira n'kugula ine. Ankangofunsa tikamadya nsima, "Nanga amayi, pepala lija liti?" Ndinkati akatsegula. "Atsegula liti?" Apo ndiye aliyense ankayang'ana m'mbale mwake.

Chimene chinkandiwawa n'choti zipatala zinkalira kuchepa kwa anthu. Mu Epulo momwemo ogwira ntchito zaumoyo ananyanyala pofuna zodzitetezera ndi ndalama ya chiopsezo, ndipo boma linalengeza zolemba ena 2,000. Anzathu amene anatitsogolera, a laisensi kale, anayamba kuitanidwa. Ife otsala pang'ono tinali pachulu kusaka netiweki. Ndimamvetsa kuti ngati namwino weniweni akusowa masiki, wophunzira sangapatsidwe. Koma nthawi yomweyo misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza mabwalo, anthu kupanikizana pamalole akuimba. Kolona yemweyo ankaopsa m'kalasi mokha? Funso limeneli mpaka lero sindinapeze wondiyankha.

Alamu anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Ndinawaperekeza kuchipatala ngati wodikirira wodwala, nditanyamula beseni, zitenje ndi lumo, n'kukhala panja pabenchi pamodzi ndi amayi.

Pa 7 Sepitembala ife a chaka chomaliza tinaloledwa kubwerera. M'mawodi ankatilowetsa ochepaochepa, ndiye mayi mmodzi akafika kuleba, ophunzira angapo tinkamuyang'ana ngati ana oyang'ana mphika wa nyama, aliyense ndi buku lake m'thumba la yunifolomu. Tinagwirizana zolemba mayina papepala n'kumalandirana, ndipo wa usiku ndiye ankapindula, poti ana ambiri amakonda kubwera anthu atagona. Ngakhale tinatero, nthawi yotumiza mayina ku Council itakwana mabuku a kalasi lathu anali asanadzaze. Anatiuza kuti tidikire ulendo wotsatira.

Ndinaimbira ababa kuwauza kuti feteleza wa chaka chimenecho aone kolowera. Anakatenga pangongole kukalabu. Kenako Januwale wa 2021 anafika ndi funde lachiwiri la kolona, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, n'kumwalira tsiku limodzi, pa 12. Zimene ndinaona m'wodi mwezi umenewo ndikufotokozerani m'gawo likubwerali.